Masewera a Nkhondo Amene Amayesa Chibwenzi

Madzulo ena cha m'ma 1026, mu mzinda wa Roskilde m'dziko la Denmark, anthu awiri otchuka adakhala pansi moyang'anizana, pakati pawo pali thabwa la masewera. Mmodzi adali Mfumu Cnut, imene pa nthawiyo inkalamulira England ndi Denmark. Winayo adali Ulf, nduna yaikulu imene inkayang'anira Denmark mfumuyo ikakhala kutsidya kwa nyanja. Awiriwa adali pachilamu, pakuti Ulf adakwatira Estrid, mlongo wake wa mfumu. Tsikulo Ulf adakonza phwando lalikulu lolandirira mlamu wake, koma mfumu idangokhala ndwii, osalankhula ndi munthu. Pofuna kuisangalatsa, Ulf adaipempha kuti asewere.

Nkhaniyi adailemba ndi Snorri Sturluson wa ku Iceland cha m'ma 1230, m'buku la mbiri ya mafumu lotchedwa Heimskringla. Iye akusimba kuti masewera ali mkati mfumu idayenda molakwa, ndipo Ulf adaidyera kavalo. Mfumu idatola kavalo uja n'kumubwezera pamalo pake, niuza mlamu wake kuti ayende kwina. Ulf adapsa mtima, nagubuduza thabwa, nanyamuka kuti azipita. Mfumu idamunena kuti akuthawa chifukwa cha mantha. Iye adatembenuka ali pakhomo, naikumbutsa kuti pa nkhondo ya pa mtsinje wa Helgeå, imene idali itangochitika kumene, ndi iyeyo amene adathamanga kudzaithandiza pamene ankhondo a ku Sweden adaipanikiza. Kutacha mfumu idatuma mnyamata wake kuti akaphe Ulf, koma mnyamatayo adabwerera osachita kanthu popeza Ulf adali m'tchalitchi. Mfumu idatumanso munthu wina, ndipo ameneyo adakamubaya ndi lupanga m'nyumba ya Mulungu momwemo. Pambuyo pake Cnut adapereka minda yambiri ku tchalitchicho, koma mlongo wake adatsala wamasiye.

Kungakhale kulakwa kunena kuti kavalo mmodzi ndiye adaphetsa munthu. Chidani chidali chitayamba kale, pakuti Cnut ali ku England, Ulf adachititsa kuti Harthacnut, mwana wamng'ono wa mfumuyo, alongedwe ufumu wa Denmark bambo wake asadavomereze. Thabwa lidangoulula zimene zidali m'mitima. Komabe n'koyenera kuona pamene padadukira chingwe. Ulf adapirira nkhope yokwinya ya mlamu wake tsiku lonse, koma kubweza kwa kavalo adalephera kukupirira. Pathabwa mfumu ndi nduna amakhala ofanana, ndipo wolakwitsa amasenza yekha kulakwa kwake, popeza madzi akatayika saoleka. Pamene Cnut adatambasula dzanja kubweza kavalo, adabweretsa ufumu wake pamalo pamene ufumu suloledwa.

Snorri adalemba kuti awiriwa ankasewera chesi. Koma iye adalemba patapita zaka pafupifupi 200, masewera a chesi atafala kale m'maiko a kumpoto kwa Ulaya. Akatswiri ambiri a mbiri ya masewera amaganiza kuti pa thabwa la ku Roskilde padali masewera ena amene anthu a kumeneko adawadziwa kuyambira kale, otchedwa hnefatafl. Masewera amenewa alipobe mpaka lero, ndipo anthu awiri ogwirizana angathe kuwasewera pa katoni wamba.

Masewera a Aviking

Aviking adali anthu a ku Norway, Sweden ndi Denmark amene ankayenda panyanja m'ngalawa zazitali pochita malonda, pofunkha ndi pofuna malo atsopano okhala. Mabuku a mbiri amawerenga nyengo yawo kuyambira mu 793, pamene adafunkha nyumba ya amonke pa chilumba cha Lindisfarne, mpaka mu 1066. Kwawoko nyengo yozizira ndi yaitali ndipo usiku umatalika kwambiri, kotero kuti ntchito za kumunda ndi maulendo a panyanja zikaima, anthu ankakhala m'nyumba kuotha moto, kusimba nthano ndi kusewera.

Mawu akuti tafl adachokera ku mawu a Chilatini akuti tabula, kutanthauza thabwa kapena tebulo. Hnefi ndi chibakera, ndipo limeneli ndilo dzina limene ankaitchula mfumu ya pathabwapo. Masewerawa adali ndi abale ake m'maiko oyandikana: ku Ireland kudali brandub, ku Wales kudali tawlbwrdd, ndipo anthu a mtundu wa Sámi, kumpoto kwenikweni kwa Sweden, adali ndi tablut. Matabwa ake ankasiyana kukula, ena a mizere 7, ena 9, ena 11 kapena 13, koma chiwerengerocho chinkakhala chosagawika pawiri kuti pakati penipeni papezeke chipinda chimodzi cha mfumu.

Akatswiri ofukula zakale apeza umboni wochuluka wosonyeza m'mene anthuwa ankawakondera masewerawa. Mu 1880, m'ngalawa imene adaikamo maliro a munthu wolemekezeka ku Gokstad m'dziko la Norway, mudapezeka chidutswa cha thabwa losewerera. Mu 1932, ku Ballinderry m'dziko la Ireland, kudapezeka thabwa lathunthu la mabowo 49, lozokotedwa bwino m'mphepete, limene asilikali ake ankachita kuzikidwa m'mabowomo kuti asagwe thabwa likagwedezeka. Mu 2008 ndi 2010, ku Salme pa chilumba cha Saaremaa m'dziko la Estonia, kudafukulidwa ngalawa ziwiri momwe mudaikidwa amuna pafupifupi 40 amene adafa pa nkhondo cha m'ma 750. Pamodzi ndi malupanga awo padali tizida tosewerera tambirimbiri, tochuluka mwa ito tosemedwa kuchokera ku mafupa a namgumi, ndipo kachida koimira mfumu kadapezeka m'kamwa mwa mmodzi wa akufawo. Ku Birka m'dziko la Sweden, manda ena amene adafukulidwa mu 1878 adali ndi lupanga, nkhwangwa, mkondo, mivi, akavalo awiri ndi tizida tosewerera. Kwa zaka zoposa 100 anthu ankati mwini mandawo adali mwamuna, kufikira mu 2017 pamene kupima kwa DNA kudasonyeza kuti adali mkazi.

Kudziwa kusewera chidali chizindikiro cha munthu woleredwa bwino. Rögnvald Kali, amene ankalamulira zilumba za Orkney m'zaka za m'ma 1100, adapeka ndakatulo yodzitamandira maluso ake 9, monga kuwerenga, kusula, kuponya mivi, kupalasa ngalawa ndi kuimba zeze, ndipo luso limene adayamba kutchula lidali la pathabwa. Malamulo akale a ku Wales adanenanso kuti woweruza milandu wa kubwalo la mfumu azilandira thabwa la tawlbwrdd kuchokera kwa mfumuyo polongedwa udindo.

Chimene chimasiyanitsa masewerawa ndi ena ndi ichi: pa chesi ndi pa bawo anthu awiri amayamba ndi chuma chofanana ndiponso cholinga chimodzi, koma pa hnefatafl mbali ziwirizo n'zosalingana. Wina ali ndi mfumu ndi asilikali ochepa, ndipo wazingidwa pakati. Mnzake ali ndi asilikali ochuluka kawiri, alibe mfumu, ndipo waima m'mphepete mbali zonse zinayi. Woyambayo afuna kuthawitsa mfumu yake, winayo afuna kuigwira. Ndi chithunzi cha nkhondo imene anthu a nthawiyo ankaidziwa bwino, ya mtsogoleri amene adani amudzidzimutsa ali ndi anthu ochepa.

Kutayika ndi kupezekanso kwa malamulo

M'zaka za m'ma 1100 masewera a chesi, amene adachokera ku India n'kudzera ku Persia ndi kwa Aluya, adafika kumpoto kwa Ulaya, ndipo anthu olemekezeka adawatengera msanga. Tizida ta chesi tosemedwa ndi minyanga ya walrus, nyama yaikulu ya m'nyanja zozizira, timene tidapezeka mu 1831 pa chilumba cha Lewis ku Scotland, ndi ta nthawi imeneyo. Pang'ono ndi pang'ono hnefatafl adaiwalika. Choipa n'chakuti pa nthawi imene aliyense ankawadziwa masewerawa, palibe amene adaona chifukwa cholembera malamulo ake. Nthano zakale zimawatchula kawirikawiri, koma sizifotokoza kayendedwe kake, monga momwe wolemba nkhani wa lero sangavutikire kufotokoza kuti mpira umamenyedwa ndi mwendo.

Anthu awiri okha ndiwo adasiya malongosoledwe othandiza. Woyamba adali Robert ap Ifan wa ku Wales, amene mu 1587 adalemba mwachidule za tawlbwrdd: mfumu pakati ndi anthu ake 12, ndi adani 24 oibisalira. Wachiwiri adali Carl Linnaeus, amene ophunzira sayansi ya zamoyo amamudziwa chifukwa cha njira yotchulira zomera ndi nyama ndi maina awiri a Chilatini. Ndi yemweyo amene mu 1753 adapatsa chimanga dzina lakuti Zea mays. Mu 1732, ali mnyamata wa zaka 25, Linnaeus adanyamuka ku Uppsala kupita ku Lapland kukafufuza zomera, ndipo ulendowo udamutengera miyezi pafupifupi isanu. Ali kumeneko adaona anthu a mtundu wa Sámi akusewera tablut pa chikopa cha reindeer, nyama yonga mphalapala imene iwo amaweta, chimene adachipeta mizere. Chiyankhulo chawo sankachidziwa, koma adapenyetsetsa, najambula thabwalo m'buku lake la paulendo, nalemba malamulo ake m'Chilatini. Masamba ochepa amenewo ndiwo maziko a kaseweredwe konse ka masiku ano.

Kaseweredwe ka tablut

Thabwa la tablut lili ndi mizere 9, ndipo mzere uliwonse uli ndi zipinda 9, zonse pamodzi 81. Chipinda cha pakati penipeni ndi linga la mfumu. Mfumu imakhala pamenepo, ndipo asilikali ake 8 amaima awiriawiri ku mbali zake zinayi, kupanga mtanda. Adani 16 amaima m'magulu anayi, gulu lililonse pakati pa mbali imodzi ya thabwa: atatu pa mzere wa m'mphepete, ndi wachinayi kutsogolo kwa wapakati. Linnaeus adalemba kuti a mbali ya mfumu, amene adali oyera, ankatchedwa anthu a ku Sweden, ndipo adani, amene adali akuda, ankatchedwa anthu a ku Moscow.

Osewera amayenda mosinthana, msilikali mmodzi pa nthawi imodzi. Onse, ndi mfumu yomwe, amayenda mowongoka, kutsogolo, kumbuyo kapena cham'mbali, zipinda zochuluka monga momwe wosewera afunira, malinga njirayo ikhale yopanda munthu. Palibe kuyenda cham'makona ndipo palibe kulumpha. Mfumu ikatuluka m'linga, palibe msilikali amene amaloledwa kuimamo.

Pa kudya ndi pamene pamaonekera kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Msilikali mmodzi sangadye mdani payekha. Mdani amadyedwa pamene asilikali awiri amupana pa mzere umodzi, wina mbali ino, wina mbali inayo, ndipo akatero amachotsedwa pathabwa. Malamulo a masiku ano amawonjezera kuti msilikali amene walowa yekha pakati pa adani awiri sadyedwa, chifukwa wodya ndi amene wayenda kudzatseka msamphawo.

Mbali ya mfumu imapambana mfumu ikafika pa chipinda chilichonse cha m'mphepete mwa thabwa. Adani amapambana akaigwira. Ikakhala m'linga, pafunika adani anayi oizinga mbali zonse. Ikakhala pa chipinda chogundana ndi linga, atatu akwana, popeza lingalo limatseka mbali yachinayi. Kwina kulikonse imagwidwa ndi adani awiri monga msilikali wamba.

Pali lamulo linanso limene Linnaeus adalemba. Mwini mfumu akaona kuti njira imodzi yopita m'mphepete yatseguka, ayenera kuchenjeza mnzake ponena kuti raichi. Akaona njira ziwiri zotseguka nthawi imodzi amati tuichu, ndipo apo masewera atha, chifukwa mdani sangatseke makomo awiri ndi kuyenda kumodzi.

Cholakwa cha womasulira

Linnaeus adamwalira mu 1778, ndipo mu 1784 mabuku ndi zolemba zake adazigula James Edward Smith wa ku England. Buku la paulendo lija lidamasuliridwa m'Chingerezi ndi kusindikizidwa ku London mu 1811, ndi dzina lakuti Lachesis Lapponica. Pomasulira padalowa cholakwa pa lamulo la kagwidwe ka mfumu, kotero kuti owerenga adamva ngati mfumu iyenera kuzingidwa ndi adani anayi paliponse pamene ili. Mu 1913 H. J. R. Murray, m'buku lake la mbiri ya chesi, adazindikira kuti tablut ndi mbale wa masewera a Aviking aja, koma iyenso adatsata kumasulira kolakwikako.

Zotsatira zake zidali zakuti amene adayesa kusewera adapeza kuti mbali ya mfumu ikupambana pafupifupi nthawi zonse. Pofuna kukonza vutoli, anthu osiyanasiyana adawonjezera malamulo awoawo. Ena adati mfumu izithawira pakona pokha, ena adati isamathandize kudya adani. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000 ofufuza adabwerera ku Chilatini cha Linnaeus mwini wake, napeza kuti mfumu ikatalikira linga imagwidwa ndi awiri okha, ndipo ndi lamulo limeneli mbali ziwirizo zimalimbana mosavuta kuneneratu wopambana. Pofika nthawi imeneyo n'kuti mitundu ya malamulo itachuluka kale. Mwachitsanzo, pa chilumba cha Fetlar ku Shetland padayamba mpikisano mu 2008 wosewera pa thabwa la mizere 11, adani 24 kulimbana ndi mfumu ndi asilikali ake 12, mfumu ikuthawira pakona. Palinso malamulo ena otchuka otchedwa a Copenhagen.

Chifukwa cha ichi, anthu awiri ofuna kusewera ali ndi ntchito imene osewera chesi alibe. Asadaike msilikali ndi mmodzi yemwe pathabwa, ayenera kuyamba apangana. Kodi mfumu ithawira m'mphepete paliponse kapena pakona pokha? Igwidwa ndi angati? Iloledwa kuthandiza kudya? Ayambe kuyenda ndani, popeza Linnaeus sadalembe za ichi, ngakhale kuti ambiri lero amayambitsa adani? Ndipo koposa zonse, kodi munthu akachotsa dzanja pa msilikali angathe kubweza? Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mikangano yambiri ya pathabwa imabadwa pamene wina akumbukira lamulo pa nthawi imene lamulolo limukomera iyeyo.

Awiri pathabwa

Zipangizo zake n'zosavuta kupeza. Katoni wojambulidwa mizere ndi rula, zitsekerero za mabotolo 16 zoyang'ana pansi, zina 8 zoyang'ana kumwamba, ndi kamwala kosalala koimira mfumu, basi nkhondo yakonzeka. Aphunzitsi awiri ataweruka, kapena anyamata awiri amene akudikira zotsatira za mayeso, angaphunzire malamulo onse m'mphindi zochepa. Chimene chimatenga nthawi ndi kuphunzira kudzigwira.

Ulendo woyamba umayenda pafupifupi chimodzimodzi kwa onse ongoyamba kumene. Amene watenga adani amayang'ana gulu lake lalikulu, nayesa kuti wapambana kale. Amathamangira pakati kukadya msilikali uyu ndi uyo, osaona kuti msilikali aliyense amene wamuchotsa m'mphepete wasiya khomo lotseguka kumbuyo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Posakhalitsa mfumu imatulukira pa mpata umene iye adausiya, ndipo amatsala ndi asilikali ambiri opanda ntchito. Akagonja kangapo amazindikira kuti ntchito yake ndi yomanga mpanda. Popeza palibe amene amayenda cham'makona, asilikali oima mogundanitsa makona amatseka njira ngati khoma. Mpandawo amauyamba patali, natseka malo a kumakona kumene kulibe alonda, ndipo kenaka amaufupikitsa pang'onopang'ono mpaka mfumu itasowa popumira. Kwa mwini gulu lalikulu, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwini mfumu ali ndi yesero losiyana. Mtima umamuuza kuti asunge mfumu m'linga, asilikali ake ataizungulira. Koma kuyenda kulikonse kumene wataya podzitchinjiriza kumapatsa mnzake nthawi yomanga mpanda, ndipo asilikali ake omwe ndiwo amatsekereza mfumu njira. Ayenera kutsegula makomo msanga, kutumiza asilikali kunja kuti akasokoneze omanga mpanda, ndi kulola kuti ena adyedwe pofuna kuti mzere umodzi uyere. Amaopseza kumanzere kuti adani akhamukire kumeneko, pamene maso ake ali kumanja, ndipo chimene akusaka ndi chipinda chimodzi chokha pamene mfumu ingaone njira ziwiri. Motero masewerawa amafuna kudekha kwa wamphamvu ndi kulimba mtima kwa wochepa, zinthu zimene aliyense wa iwo sabadwa nazo.

Apa ndi pamene munthu amamudziwira mnzake. Wina amene pa ntchito amaoneka wofatsa amapezeka kuti pathabwa ndi wosachedwa kutaya anthu ake. Wina wolankhulalankhula amapezeka kuti ndi wamantha, wosafuna kutulutsa mfumu m'linga. Aviking adalidziwa thabwa ngati malo amene abwenzi amamvana ngakhale pa zinthu zosanenedwa poyera. Nthano ina ya ku Iceland ya cha m'ma 1300 imasimba za Fridthjof, amene ankasewera ndi Björn, bwenzi lake loleredwa naye pamodzi, pamene mthenga adafika kuchokera kwa mafumu awiri amene adamukaniza kukwatira mlongo wawo, kudzapempha thandizo pa nkhondo. Fridthjof sadamuyankhe mthengayo. Adangopitiriza kulankhula ndi Björn za mipata ndi za mfumu ya pathabwa, ndipo mthengayo adamva yekha kuti thandizo lakanidwa.

Lamulo la kuchenjeza lija nalonso lili ndi phunziro lake. Munthu amene watsala pang'ono kupambana ndiye amakakamizidwa kuuza mnzake kuti, "Achimwene, taonani bwino, njira yatseguka." Osewera a kuno angathe kupangana mawu awoawo m'malo mwa raichi ndi tuichu, koma cholinga chake n'chimodzi. Kupambana chifukwa chakuti mnzako adayang'ana kumbali sikukoma, ndipo sikuphunzitsa kanthu. Chipambano chovomerezeka ndi chija chimene mnzako wachiona chikubwera, nayesetsa kuchitseka, koma n'kulephera.

Komabe chimene chimasunga chibwenzi koposa ndi kutembenuza thabwa. Popeza mbali ziwirizo n'zosalingana, wogonja sasowa chonena. Akakhala ndi mfumu amati anthu ake adali ochepa, akakhala ndi adani amati thabwa lidali lalikulu kulitseka. Mankhwala ake ndi akuti masewera amodzi sawerengedwa okha. M'mipikisano yambiri ya masiku ano aliyense amasewera mbali zonse ziwiri ndi munthu yemweyo, ndipo abwenzi angapangane kuti akapambana kamodzikamodzi, wopambana akhale amene adatsiriza ndi mayendedwe ochepa. Amene adaseka mnzake ali pakati pa adani, patangopita kanthawi amapezeka atakhala pa mpando womwewo, akuona mpanda ukumuyandikira. Amene adadandaula kuti adali ndi anthu ochepa amapatsidwa gulu lalikulu, nazindikira kuti kulamulira anthu ambiri nakonso ndi mtolo. Pakutha pa masewera awiriwo aliyense walawa vuto la mnzake, ndipo kunyozana kumachepa.

Aphunzitsi angapezemo zinthu ziwiri zowathandiza. Choyamba, masewerawa amazoloweretsa mwana kuganiza za kuyenda kwachiwiri ndi kwachitatu asadagwire msilikali, ndiponso kuvomera kugonja popanda kugubuduza thabwa. Chachiwiri ndi chenjezo lochokera m'mbiri yake. Masewera amene adakondedwa kuchokera ku Ireland mpaka ku Lapland kwa zaka mazanamazana adatsala pang'ono kutheratu, ndipo adapulumuka chifukwa mlendo mmodzi adakhala pansi nalemba zimene adaona. Bawo ndi nsolo ali ndi kaseweredwe kosiyana malinga ndi dera, ndipo kambiri mwa iko kali m'mitu ya akuluakulu. Wophunzira amene ali ndi kope ndi pensulo angachitire masewera a kwawo zimene Linnaeus adachitira tablut, ndipo iye ali ndi mwayi woposa Linnaeus, chifukwa chiyankhulo cha osewerawo amachimva.

Mfumu Cnut idawonjezera Norway ku ufumu wake mu 1028, nimwalira mu 1035. Koma ana ake aamuna adamwalira motsatizana, ndipo Harthacnut atafa mu 1042 ufumu udachoka m'nyumba yake. Mu 1047 mpando wa Denmark udagwera Sweyn, mwana wa Ulf ndi Estrid, ndipo zidzukulu za munthu amene adaphedwa m'tchalitchi uja zidalamulira dzikolo kwa zaka zoposa 300. Cnut akadalola kavalo wake kudyedwa, akadataya masewera a usiku umodzi, ndipo mlamu wake akadamuikiranso asilikali pathabwa kuti ayambirenso.